Mabizinesi angati, m'madera angati? Za kafukufuku wa ndalama zowerengeka

Aliyense wofuna kudziwa mmene mabizinesi akuyendera m'dziko, kaya ndi boma, banki, bungwe lobwereketsa ndalama kapena wophunzira amene akulemba pepala la digiri, amakumana ndi vuto limodzi: mabizinesi ndi ochuluka ndipo ali patalipatali, pomwe ndalama za kafukufuku n'zowerengeka. Njira imene ambiri amathawirako ndi yosankha kaye madera, kenako n'kufunsa mabizinesi angapo m'dera lililonse losankhidwalo. Akatswiri a ziwerengero amaitcha cluster sampling. Ndi njira yabwino, ndipo popanda iyo kafukufuku wambiri wa kuno kwathu sakadachitika n'komwe. Koma ili ndi mtengo wina umene sulembedwa pa bajeti.

Bwanji osangotenga mndandanda wa mabizinesi onse n'kuchita maere?

Chifukwa mndandandawo kulibe. Makampani olembetsa ali m'mabuku a ofesi ya Registrar General ndi a MRA, koma mayi wa mandasi pa siteji, mnyamata wa kabaza, mwini chigayo ku Nthalire ndi telala wa pakhonde ku Ndirande sapezekamo. Kafukufuku wa FinScope wa mabizinesi ang'onoang'ono, amene anachitika m'Malawi mu 2012 ndi mu 2019, anapeza kuti pafupifupi mabizinesi 9 mwa 10 alionse a mtunduwu ndi osalembetsa. Sungachite maere pa mayina amene ulibe.

Ngakhale mndandanda utakhalapo, maere akhoza kukupatsa golosale imodzi ku Chitipa, saluni imodzi ku Makanjira ndi okala imodzi ku Marka. Galimoto iyende tsiku lathunthu kukaona munthu mmodzi, amene mwina ukam'peza watseka wapita kumaliro. Ndalama zambiri za kafukufuku sizithera pa kufunsa. Zimathera pa kufika: mafuta, kubwereka galimoto, malo ogona, alawansi, tsiku lokaonekera kwa mfumu ndi kwa akomiti ya msika, ndi masiku oyenda khomo ndi khomo kulemba mabizinesi amene alipo. Ukafika kale, kufunsa munthu wachiwiri ndi wachitatu n'kotchipa kwambiri. Nzeru yonse ya njirayi yagona pamenepa.

Nanga vuto lili pati, poti ofunsidwa akuchuluka pa ndalama zomwezo?

Lili pa kufanana. Mabizinesi oyandikana amapikula katundu kumodzimodzi, amagulitsa kwa anthu omwewo, magetsi akazima amazimira onse, mlatho ukakokoloka amavutika onse. Kuwonjezera apo, ochita malonda a mtundu umodzi amakonda kusonkhana: akaunjika ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, a mbatata ya kachewere ndi kabichi pa Lizulu, a nsomba m'madoko a ku Mangochi, akalipentala ku Mchesi. Mukafunsa anthu 30 pa Lizulu za mtengo wonyamulira katundu kupita ku Lilongwe, womalizayo angobwereza zimene woyamba ananena kale. Pa pepala muli ndi mayankho 30, koma zatsopano zimene mwaphunzira n'za anthu ochepa.

Wogula chimanga amene akufuna kudziwa ngati m'mulu wa matumba muli anankafumbwe satapa kakhumi m'thumba limodzi. Amabaya matumba khumi osiyana, ena a pansi pa mulu, ngakhale kuti kutero n'kotopetsa. Akatapa m'thumba limodzi lokha, zimene wadziwa n'za thumba limenelo basi.

Kodi kutayika kumeneku kumayezeka?

Kumayezeka, ndipo masamu ake ndi ofikirika kwa aliyense amene anadutsa ku sekondale. Leslie Kish wa ku University of Michigan, m'buku lake la Survey Sampling la mu 1965, anatchukitsa muyeso wotchedwa design effect. Mumatenga chiwerengero cha mabizinesi ofunsidwa m'dera limodzi, n'kuchotserapo 1, n'kuchulukitsa ndi muyeso wa kufanana, kenako n'kuphatikiza 1. Muyeso wa kufananawo umayambira pa 0, pamene mabizinesi a m'dera limodzi ndi osiyana ngati mmene alili a m'dziko lonse, mpaka pa 1, pamene onse a m'deralo ali chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti mwafunsa mabizinesi 1,000, m'madera 50, dera lililonse 20, ndipo kufanana kuli pa 0.1. Ndiye kuti 19 kuchulukitsa ndi 0.1 ndi 1.9, kuphatikiza 1 ndi 2.9. Mukagawa 1,000 ndi 2.9 mupeza 345. Mabizinesi anu 1,000 aja ali ndi mphamvu yofanana ndi mabizinesi 345 osankhidwa mwa maere m'dziko lonse. Mukapeza kuti theka la iwo anatengapo ngongole, simunganene kuti mwina mwaphonya ndi mapointi 3, monga zikadakhalira pa maere enieni. Mpata wophonyawo ukupitirira mapointi 5 uku ndi uku.

Chimene chimanyenga anthu n'chakuti 0.1 amaoneka wamng'ono. Koma akuchulukitsidwa ndi 19. Mukakweza ofunsidwa m'dera kufika pa 50, akuchulukitsidwa ndi 49.

Ndiye m'dera limodzi tifunse mabizinesi angati?

Funsoli si la lero. P. C. Mahalanobis, amene anayambitsa Indian Statistical Institute ku Calcutta mu 1931, analimbana nalo kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 poyeza kukula kwa minda ya jute ku Bengal. Anayesa tizigawo ta minda ta misinkhu yosiyana, n'kumalemba nthawi imene antchito ankathera poyenda ndi poyeza, kuti aone pamene ndalama ndi kulondola zikukumana. Ku America, Morris Hansen ndi William Hurwitz a ku Census Bureau anakhazika masamu a nkhaniyi m'zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1953 iwowa pamodzi ndi William Madow anatulutsa buku limene ochita kafukufuku akulidalirabe.

Yankho lawo limadalira zinthu ziwiri. Choyamba, kufika m'dera limodzi kumaposa kangati mtengo wofunsa bizinesi imodzi. Chachiwiri, mabizinesi a m'dera limodzi ndi ofanana motani. Kufika kukakhala kodula, funsani ambiri mukafikako. Kufanana kukakhala kwakukulu, funsani ochepa mupite kwina.

Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti kufika m'dera limodzi ndi kulemba mndandanda wa mabizinesi ake kumadya K400,000, kufunsa bizinesi imodzi kumadya K25,000, ndipo ndalama zonse za ntchito ya kumadera ndi K42 miliyoni. Kufanana tikuike pa 0.1.

Mukaganiza zofunsa mabizinesi 40 m'dera lililonse, dera limodzi lidya K1,400,000, ndipo mufika madera 30 okha. Mubwerako ndi mapepala 1,200, chiwerengero chosangalatsa m'lipoti. Koma design effect yake ndi 4.9, ndipo mphamvu yeniyeni ndi ya mabizinesi 245.

Mukaganiza zofunsa 4 okha, dera limodzi lidya K500,000, mufika madera 84, mufunsa mabizinesi 336. Design effect yatsika kufika pa 1.3, koma ndalama zambiri zapsera m'misewu, ndipo mphamvu yake ndi ya mabizinesi 258.

Mukafunsa 12, dera limodzi lidya K700,000, mufika madera 60, mufunsa 720. Design effect ndi 2.1, mphamvu yake ndi ya mabizinesi 343. Pa ndalama zomwezo, amene wafunsa 720 wadziwa zambiri kuposa amene wafunsa 1,200.

Nambala ya 12 sinangogwa kumwamba. Gawani mtengo wofika ndi mtengo wofunsa: 400,000 kugawa ndi 25,000 ndi 16. Chotsani muyeso wa kufanana pa 1, mugawe zotsalazo ndi muyeso womwewo: 0.9 kugawa ndi 0.1 ndi 9. Chulukitsani 16 ndi 9, mupeza 144. Nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yokha imapereka 144 ndi 12. Kufanana kukadakhala 0.2, yankho likadakhala 8. Kukadakhala 0.02, likadakhala 28.

Pali nkhani yolimbikitsa apa imene ndimafuna aliyense wokonza kafukufuku aidziwe. Simusowa kulasa pa nambala yeniyeniyo. M'chitsanzo chathuchi, kufunsa 8 kumapereka mphamvu ya 329, kufunsa 16 kumapereka 333, kufunsa 20 kumapereka 317. Kusiyana kwake ndi 343 n'kochepa. Choncho gulu la ofunsa anayi likamakwanitsa 16 m'masiku awiri, tengani 16, musavutike. Choopsa ndi kupita kutali, ku 40 kapena 60, ndipo kumeneko n'kumene bajeti yothina imakankhira anthu, chifukwa opereka ndalama amachita chidwi ndi chiwerengero cha ofunsidwa, osati cha madera.

Muyeso wa kufanana tiudziwa bwanji tisanapite kukafunsa?

Umatengedwa ku kafukufuku wam'mbuyo wa mtundu womwewo, kapena ku kafukufuku woyesera wochitika m'madera ochepa. Ndipo si umodzi pa mafunso onse. Zinthu zimene dera lonse limagawana, monga magetsi, msewu, mtunda wopita ku banki kapena netiweki ya foni, zimakhala ndi kufanana kwakukulu. Pamudzi pamene ESCOM sinafike, kufunsa eni mabizinesi 20 ngati ali ndi magetsi a pa waya n'kufunsa funso limodzi ka 20. Zinthu za mwini wake payekha, monga zaka zake kapena ngati ali pabanja, kufanana kwake kumakhala kochepa.

Ndiye pafunika kulimba mtima n'kusankha: pa mafunso onse ali pa pepala, ndi awiri kapena atatu ati amene kafukufukuyu akuchitikira? Makonzedwe atsate amenewo. Kafukufuku wofuna kudziwa mmene kuzimazima kwa magetsi kukupwetekera mabizinesi amafuna madera ambiri ndi ofunsidwa ochepa m'dera. Wofuna kudziwa kuchuluka kwa amayi pakati pa eni mabizinesi akhoza kukhalitsa pamalo amodzi osataya kwambiri.

Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ili ndi chitsanzo chabwino mu kafukufuku wake wa m'makomo wa Integrated Household Survey, amene ali ndi gawo lofunsa za mabizinesi a pabanja. Wachiwiri, wa mu 2004 ndi 2005, anafika madera 564, mabanja 20 m'dera lililonse, onse pamodzi 11,280. Wachitatu, wa mu 2010 ndi 2011, anafika madera 768, mabanja 16 m'dera lililonse. Mabanja onse pamodzi anawonjezekera pang'ono, osafika ngakhale 10 pa 100 alionse, koma madera anawonjezekera ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu. Pa funso limene kufanana kwake kuli pa 0.1, kusintha kotereku kumakweza mphamvu ya kafukufuku ndi pafupifupi kotala.

Mitengo nayo imasuntha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta ndi zida za galimoto zinakwera mofulumira kuposa malipiro a ofunsa. Zikatero kufika kumadula kwambiri poyerekeza ndi kufunsa, ndipo nambala yoyenera m'dera imakwera pang'ono. Makonzedwe a zaka zitatu zapitazo ayenera kuwerengedwanso asanagwiritsidwe ntchito.

Kodi makampani akuluakulu nawonso asankhidwe mwa madera?

Ayi, ndipo apa ndi pamene kafukufuku wa mabizinesi amasiyanirana ndi wa mabanja. Banja lalikulu kwambiri m'mudzi mwina limaposa laling'ono kakhumi. Koma kampani ya shuga ya Illovo, ndi minda yake ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa, imaposa okala ya pamudzi kambirimbiri pa antchito ndi pa malonda. Mukasiyira maere a madera kuti aganize ngati Illovo, Airtel, TNM kapena maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje alowe, pachitika chimodzi mwa ziwiri. Maere akawaphonya, chiwerengero cha antchito m'dziko chitsika moposa muyeso. Akawagwira, kampani imodziyo idzawerengedwa ngati ikuimira ena mazana ofanana nayo amene kulibe, ndipo chiwerengero chidzafufuma.

Makampani otere ali pa mndandanda, ndi ochepa, ndipo ambiri maofesi awo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kotero kuwafika si kodula. Akuluakulu kwambiri amatengedwa onse, popanda maere. Otsatira amagawidwa m'magulu malinga ndi kukula ndi mtundu wa ntchito, maere n'kuchitika m'gulu lililonse. Jerzy Neyman anaonetsa mu 1934 kuti gulu limene mamembala ake ndi osiyana kwambiri liyenera kupatsidwa ofunsidwa ambiri, ndipo m'mabizinesi gulu limenelo ndi la akuluakulu. Kafukufuku wa Enterprise Surveys wa World Bank, amene anachitikanso m'Malawi mu 2009 ndi mu 2014, amatsata njira ya magulu yomweyi: makampani olembetsa a antchito 5 mpaka 19, a 20 mpaka 99, ndi a 100 kupita m'tsogolo. Annual Economic Survey ya ku Zomba nayo imayambira pa mndandanda wa makampani.

Wofuna chithunzi cha chuma chonse amagwiritsa njira zonse ziwiri, mndandanda kwa akuluakulu ndi madera kwa ang'onoang'ono. Chofunika n'kuika malire omveka, kuti shopu imene ili pa mndandanda ikapezekanso m'dera losankhidwa isawerengedwe kawiri.

Maderawo amachokera kuti, ndipo amasankhidwa motani?

Kawirikawiri amachokera ku kalembera wa anthu. Pokonzekera kalembera wa mu 2018, dziko lonse linagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono tokhala ndi mapu ndi malire, toti mlembi mmodzi n'kutha kuzungulira. Pa kafukufuku wa mabanja, chigawo chokhala ndi mabanja ambiri chimapatsidwa mwayi waukulu wosankhidwa, kenako m'chigawo chilichonse chosankhidwa mumatengedwa chiwerengero chofanana cha mabanja. Zikatero banja lililonse limakhala ndi mwayi wofanana, ndipo ntchito ya gulu lililonse la ofunsa imadziwika msanga.

Pa mabizinesi njirayi imatsimphina, chifukwa pamene pali mabanja ambiri si pamene pali mabizinesi ambiri. Mkati mwa msika wa Limbe simugona anthu, koma muli malonda osawerengeka. Mudzi wa mabanja 200 ukhoza kukhala ndi okala ziwiri, chigayo ndi amayi ochepa ophika mowa. Mukasankha potengera mabanja, misika ndi matrading'i senta ngati Jenda, Mponela kapena Lunzu zidzapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ofunsa adzathera masiku m'madera opanda wom'funsa. N'chifukwa chake ndi bwino kugawa kaye tizigawoto m'mitundu, misika ndi malo a malonda paokha, malokeshoni paokha, midzi payokha, n'kupereka madera ambiri ku mitundu imene ili ndi mabizinesi ambiri. Pomaliza, powerengera, bizinesi iliyonse imapatsidwa nambala yosonyeza kuti ikuimira anzake angati, malinga ndi mwayi umene inali nawo wosankhidwa.

Nthawi yofikira nayo ndi gawo la makonzedwe. Malo amene Lachiwiri pali zii, Loweruka pa tsiku la msika pamadzaza anthu. Ogula mbewu amaoneka nthawi yokolola, mvula ikayamba asowa. Wa kabaza amene mwamulemba m'mawa pa siteji iyi, madzulo akhoza kulembedwanso pa siteji ya dera lina. Lamulo loti ndani akuwerengedwa kuti ndi wa dera lino liyenera kulembedwa ofunsa asananyamuke.

Nanga mabizinesi osalembetsa a m'mizinda, amene amaunjikana malo ochepa?

Pali njira ina imene inayesedwa pafupi nafe. Steven Thompson anafotokoza mu 1990 njira yotchedwa adaptive cluster sampling, yoyenera zinthu zosowa koma zopezeka mounjikana, monga mitundu ina ya nyama ndi zomera. World Bank inaitenga n'kuigwiritsa ntchito pa mabizinesi osalembetsa m'mizinda ya Maputo, Beira ndi Nampula mu 2018, komanso Lusaka, Kitwe ndi Ndola mu 2019. Mapu a mzinda amadulidwa m'timabokosi ta mamita 150 mbali zonse. Timabokosi tina timasankhidwa mwa maere, ofunsa n'kulemba mabizinesi onse osalembetsa a m'menemo. Kabokosi kakapezeka ndi mabizinesi opitirira mlingo woikidwiratu, ofunsa amalowanso m'timabokosi toyandikana nako, n'kumapitirira mpaka mabizinesi atayamba kuchepa.

Ubwino wake ndi wakuti nthawi ya ofunsa imathera kumene kuli malonda. Kuvuta kwake ndi kwakuti simudziwiratu kuti ntchito ikula bwanji, pomwe bajeti imafuna kudziwiratu. Masamu owerengera kuti bizinesi iliyonse ikuimira angati nawo ndi ovutirapo, ndipo wochita njirayi popanda katswiri wa ziwerengero adzafufumitsa chiwerengero cha mabizinesi.

Ena amati madera 30 ndi okwanira nthawi zonse. Ndi zoona?

Nambalayi inachokera ku zaumoyo. Bungwe la World Health Organization linakonza njira ya madera 30, ana 7 m'dera lililonse, yoyezera kuchuluka kwa ana olandira katemera. Inakonzedwa kuti iphonye ndi mapointi osapitirira 10, poganiza kuti design effect ili pa 2. Pa ntchito imeneyo ndi yothandiza. Koma phindu ndi malonda a mabizinesi zimasiyana kwambiri kuposa yankho la inde kapena ayi la katemera, ndipo mapointi 10 ndi mpata waukulu kwa banki imene ikufuna kuganiza zotsegula nthambi.

Chinanso, madera okwanira dziko lonse si okwanira boma lililonse. Madera 60 a m'chitsanzo chathu chija, mukawagawira maboma 28, boma lililonse lipeza awiri. Madera awiri sangakuuzeni za Dedza yense. Wofuna ziwerengero za boma ndi boma adziwe kuti wapempha kafukufuku wodula kangapo, ndipo ngati ndalamazo palibe, akhutire ndi za zigawo zitatu kapena za tauni ndi kumudzi.

Kodi n'kulakwa kusiya madera akutali kuti ndalama zikwane?

Pali kusiya kovomerezeka ndi kusiya kwachinyengo. Kovomerezeka ndi kumene kwaganiziridwa poyamba ndi kulembedwa poyera. Integrated Household Survey wachitatu sanaphatikize chilumba cha Likoma, ndipo zikalata zake zinanena zimenezo. Wachinayi, wa mu 2016 ndi 2017, anachiphatikiza. Wowerenga amadziwa kuti ziwerengero zikunena za kuti. Masamu amalolanso kupereka madera ochepa ku mbali zodula kufikako, bola mabizinesi a kumeneko apatsidwe nambala yowaimirira yokulirapo powerengera.

Kwachinyengo ndi kumene kumachitikira m'njira. Maere agwera mudzi wa kutsidya kwa Shire ku Nsanje kapena wa m'mapiri a Misuku, msewu ndi woipa, gulu latopa, ndiye wina akuti tingotenga mudzi uwu wa m'mbali mwa tala, ndi anthu amodzimodzi. Si amodzimodzi. Wa okala wa m'mbali mwa tala amapikula katundu motchipa, ali ndi netiweki, ajenti wa Airtel Money kapena Mpamba ali pafupi. Mnzake wa kuphiri alibe zonsezi, ndipo ndi amene mfundo za boma zimayenera kumudziwa koposa. Kuphonya kochokera ku maere kumayezeka ndipo kumachepa mukawonjezera madera. Kuphonya kochokera ku kusinthanitsa madera sikuyezeka, ndipo kawirikawiri kumapendekera mbali imodzi, yokometsa zinthu.

Zinthu zikavutadi, monga mmene namondwe Freddy anadulira misewu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023, dera losafikika lidikire kapena lilembedwe kuti silinafikidwe. Ngati pafunika lolowa m'malo, lichokere pa mndandanda umene maere anasankhiratu, ndipo wosankha akhale wa ku ofesi, osati woyendetsa galimoto. Njira yotchipa koposa yopewera zonsezi ndi kuika madera ovuta m'miyezi ya chilimwe.

Foni sizingathetse vuto lonse la mayendedwe?

Zimathetsa gawo lina. Pa foni, kuimbira Karonga ndi kuimbira Chilomoni mtengo wake ndi umodzi, choncho palibenso chifukwa chounjikira ofunsidwa m'madera. Mu 2020, nthawi ya COVID-19, ofesi ya ku Zomba mothandizana ndi World Bank inachita kafukufuku wa pa foni wobwerezabwereza. Koma manambala a foniwo anachokera ku mabanja amene anali atayenderedwa kale maso ndi maso mu 2019. Kuyenda kunachitika kale, foni inangopitiriza. Ndipo opanda foni, amene ambiri ndi amayi ndi anthu a kumidzi, sapezekamo.

Palinso nkhani ya kukhulupirirana. Mwini bizinesi wosalembetsa akafunsidwa ndi mlendo pa foni kuti amapeza zingati pa mwezi, amaganiza za msonkho ndi za akhonsolo, kapenanso za akuba a pa foni. Lamulo la National Statistics Act la mu 2013 limateteza chinsinsi cha oyankha kafukufuku wa boma, koma zimenezi zimamveka bwino zikafotokozedwa ndi munthu amene waima pakhomo, atadzera kwa mfumu. Ndalama zophunzitsira ofunsa ndi zobwereranso kwa amene sanapezeke ulendo woyamba zisadulidwe kuti madera achuluke. Madera 100 a mayankho abodza saposa madera 60 a mayankho oona.

Ine ndimangowerenga malipoti. Ndiziyang'ana chiyani?

Musayambe ndi chiwerengero cha ofunsidwa. Yambani ndi chiwerengero cha madera, ndi mmene anasankhidwira. Lipoti longonena kuti linafunsa mabizinesi 1,200 koma osatchula kuti m'malo angati, labisa chinthu chimene chikadakuuzani ngati mphamvu yake ndi ya 900 kapena ya 245. Onani ngati latchula madera amene anasiyidwa kapena kusinthidwa, ndi eni mabizinesi angati amene anakana kuyankha. Onaninso ngati makampani akuluakulu anatengedwa paokha.

Kenako onani ngati mpata wophonya unawerengedwa moganizira madera. Mapulogalamu a pa kompyuta monga Stata, R ndi SPSS amatha kuchita zimenezi, koma pokhapokha wogwiritsa ntchito atawauza kuti ofunsidwa anachokera m'madera ati ndi m'magulu ati. Akapanda kuuzidwa, amawerengera ngati kuti maere anachitika m'dziko lonse, ndipo amapereka mpata waung'ono wonyenga. M'chitsanzo cha madera 30 ndi mabizinesi 1,200 chija, kompyuta idzanena kuti kuphonya sikufika mapointi 3, pomwe zoona zake kukupitirira 6. Lipoti lotero likanena kuti otenga ngongole akwera ndi mapointi 4 poyerekeza ndi kafukufuku wapitayo, kukwerako kukhoza kungochokera ku misika imene maere anagwera ulendo uno.

Kwa amene amalamula kafukufuku ndi kulipira, pempho langa n'lakuti m'pangano muziika kuti lipoti lidzatulutse design effect ya mafunso ofunika kwambiri, pamodzi ndi ndalama zimene zinathera pa kufika m'dera limodzi ndi pa kufunsa bizinesi imodzi. Ndi tsamba limodzi lokha kumapeto kwa lipoti. Wokonza kafukufuku wotsatira, kaya ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Chipata, adzakhala ndi manambala enieni oika pamene ife taika 0.1, K400,000 ndi K25,000.